Kabawi wa ku Parkview

LACHIWIRI

Bambo a Yankho, 07:12
Mwadzuka bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani. M'mawa uno ndathira mbewu m'kanyumba kodyeramo mbalame kuseri kwa nyumba ya abwana kuno ku Parkview mu Joni (Johannesburg), kenako ndatembenuka kuti ndikatenge payipi. Ndangomva phaa! Njiwa zonse balala. Pocheuka ndaona chimbalame chotuwa chili pakapinga, chapanikiza njiwa imodzi, mapiko chitatambasula ngati chikubisa katundu wakuba. Ine dzanja linapita lokha pamwala. Adona anandionera pawindo la kukhitchini, kukuwa kwake ngati ndikufuna kugenda mwana wawo. Akuti ndisiye, m'malo mwake ndijambule. Chithunzi chake ndi chimenechi. Kodi ameneyu si kabawi yemwe uja wa kwathu?

Chimwemwe wa ku Cosmo, 07:15
Achimwene, mwajambula mbalame kapena utsi? Ine ndikungoona mpanda wamagetsi ndi chala chanu.

Mayi a Tadala, 07:19
Mukanangogenda basi. Ine kupuloti kuno ku Muldersdrift nkhuku inaswa anapiye 11 mwezi watha, lero atsala 4. Mabwanawo amazikonda zimbalame zimenezi chifukwa nkhuku yawo amagula yoduladula kale m'shopu. Sanayambe athamangapo opanda nsapato kulondola mwanapiye ali m'malere.

Amalume aPhiri, 07:34
Mwadzuka bwanji ana anga. Bambo a Yankho, mwachita bwino kusiya mwalawo. Kuno mbalame zimenezi zimatetezedwa ndi lamulo, kupha kapena kusunga popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo ife alendo milandu yotere sitiifuna.

Za dzina. Kwathu chilichonse chokhala ndi zikhadabo ndi mlomo wokhota timangoti kabawi, ena amati mphamba, ena kamtema, kutengera kumene unakulira. Koma ine ndagwira m'munda zaka 23 ku Blairgowrie, kuyandikana ndi Delta Park, ndipo ndikukuuzani kuti amene amasaka mbalame zinzawo m'mabwalo a nyumba kuno alipo atatu odziwika bwino. Wamkulu ndi Black Sparrowhawk, wakuda kumsana, woyera pachifuwa, kutalika kwake ngati masentimita 50. Wamkazi amatha kuyandikira kilo imodzi, ameneyo nkhunda yathunthu amanyamula. Wapakati ndi Ovambo Sparrowhawk, wotuwa, wamizeremizere yopyapyala kuyambira kumimba mpaka pakhosi. Wamng'ono ndi Little Sparrowhawk, msinkhu wake ngati njiwa yomweyo. Tandiuzani, maso ake anali otani?

Bambo a Yankho, 07:41
Amalume, maso ndikanawaona nthawi yanji? Mtima unali pa adona. Koma sanali wakuda ayi, anali wotuwa, ndipo anaiposa njiwayo pang'ono.

Amalume aPhiri, 07:46
Ndiye watsala pakati pa awiri. Akabweranso muyang'ane zinthu zitatu. Little ali ndi maso achikasu, ndipo pamchira pake, mukamuona chakumbuyo, pali madontho awiri oyera. Ovambo maso ake ndi oderako, ofiira mwakuda, ndipo kachikopa ka pamwamba pa mlomo n'kofiirira ngati lalanje lakupsa. Kukula kokha kumanamiza, chifukwa mwa mbalame zimenezi wamkazi ndiye wamkulu kuposa wamwamuna. Little wamkazi ndi Ovambo wamwamuna sasiyana kwambiri ukawaona mothamanga.

Chimwemwe wa ku Cosmo, 07:48
Wamkazi ndiye wamkulu? Ndiye ngati kunyumba kwanga komwe.

aNabanda, 07:50
Alamu, akazi anu ali pagulu pompano, samalani.

Limbani, 08:22
Mwaswera bwanji akuluakulu, ndinali panjira. Bambo a Yankho, ndachiona chithunzi chija. Vuto si foni yanu. Mwakoka zoom mpaka kumapeto, ndiye zoom ya foni ikadutsa malire ake imangotambasula chithunzi ngati chingamu, n'chifukwa chake zonse zasanduka phala. Komanso foni inagwira mpanda m'malo mwa mbalame. Ulendo wina musakoke kupitirira 2x kapena 3x, dinani chala pambalamepo kuti foni idziwe chimene mukufuna, kenako jambulani zambiri motsatizana osati chimodzi. Mwa 20 chimodzi chimatuluka bwino. Zikavuta jambulani vidiyo, tidzadulamo chithunzi.

Ine ntchito yanga ndi maukwati ndi ma-birthday, koma Lamlungu ndikapanda oda ndimapita ku Emmarentia kapena ku Delta Park ndi Canon yanga ndi lenzi ya 300mm. Mkwatibwi amaima ukamuuza. Kabawi alibe zimenezo. Akakhala panthambi liwiro lojambulira la 1/500 ya sekondi limakwana, koma akamauluka pamafunika 1/2000, apo ayi mapiko amangooneka ngati fumbi.

Bambo a Yankho, 08:30
Manambala amenewo ndi a inu a makamera. Ine ndili ndi Samsung yosweka galasi.

Limbani, 08:33
Ndiye pemphani binoculars kwa adonawo, anthu odyetsa mbalame sasowa nazo. Gunditsani diso la kamera ya foni pa diso limodzi la binoculars, mutatsamiritsa zigongono pawindo. Poyamba zimavuta, mumangoona mdima wozungulira, koma mukazolowera zimatheka bwinobwino. Windolo mulitsegule, kapena ngati n'losatseguka foni igunde galasi penipeni, ndipo flash muzimitse.

Mayi a Tadala, 08:47
Ine chikundidabwitsa ndi ichi. Munthu ukugula mbewu ndi ndalama zako, kuitana njiwa kuti bwerani mudzadye, kenako zikugwidwa pamaso pako iwe n'kumaomba m'manja. Kumeneko si kutchera msampha? Kwathu mnyamata wotchera ulimbo amadya yekha mbalame zake. Apa mukutcherera kabawi.

aNabanda, 08:55
Apa Mayi a Tadala anena zoona pang'ono. Kumene ndimagwira ku Bryanston ana a panyumba analira tsiku lonse ataona zoterezi, mpaka bambo awo anachotsa kanyumbako.

Amalume aPhiri, 09:20
Walira mvula walira matope. Ukaunjika njiwa 30 pamalo amodzi tsiku ndi tsiku nthawi yomweyomweyo, wauza kale aliyense wodya njiwa kuti msika uli apa. Zimenezo sindikana. Koma chotsani kanyumbako, kabawiyo sagona ndi njala, akagwira njiwa ina kuseri kwa nyumba ya aneba kumene inu simukuona. Kanyumba sikamuphunzitsa kupha, kamangobweretsa nkhaniyo pawindo panu.

Ndipo musaganize kuti amagwira ulendo uliwonse. Ine ndaonerera nthawi zosawerengeka akubwera chamunsimunsi, kutsatira mpanda kuti asaoneke, kutulukira mwadzidzidzi, n'kubwerera chimanjamanja. Kuphonya n'kochuluka kuposa kugwira. Mapiko ake ndi aafupi, mchira wautali, anapangidwira kukhotakhota pakati pa mitengo, osati kuthamangitsana mtunda wautali. Njiwa ikangomutsogolera pang'ono pamtetete, wailephera.

Chimene mungachite ngati mukuzimvera chisoni njiwazo: kanyumbako kasakhale pakati pa kapinga poyera. Kakhale mamita 2 kapena 3 kuchokera pazitsamba zothithikana, kuti zikadzidzimuka zikhale ndi kolowera. Koma osati m'zitsamba mwenimwenimo, poti mmenemo mumabisala mphaka, ndipo mphaka wa panyumba ndiye amapha zambiri, chonsecho wakhuta kale za m'chitini.

Chimwemwe wa ku Cosmo, 09:26
Funso langa ndi limodzi. Njiwa ija anaimaliza? Ngati anasiyako ntchafu, bambo a Yankho, tomato ndi anyezi ndili nazo.

Bambo a Yankho, 09:31
Anaisosola pompo kwa mphindi ngati 10, kenako ananyamuka nayo kulowa mumtengo wa jakaranda wa aneba. Wandisiyira nthenga zokhazokha, ndipo wosesa ndine.

aNabanda, 09:58
Nthabwala pambali alamu, njiwa za pamalo odyetserapo musamadye chisawawa. Ine ndisanapite ku Bryanston ndinagwirako ntchito yoyeretsa kwa dokotala wa ziweto, ndiye ndinaziona. Pali matenda ena a njiwa ndi nkhunda, amati canker. M'kamwa ndi kukhosi mumamera zinthu zachikasu ngati chizi, mbalame imalephera kumeza, imangokhala yofufuma nthenga, mbewu ikatola imalavula. Inzake ikatola mbewu yomweyo kapena kumwa madzi omwewo, yatenga. Kabawi akadya njiwa yodwalayo nayenso amatha kutenga, makamaka ana ake pachisa. Ndiye ngati mukudyetsa, tsukani. Kanyumba ndi beseni la madzi lomwe, Jik kapu imodzi pa makapu 9 a madzi, kutsukuluza bwino, kuumitsa padzuwa. Mukaona njiwa yodwala, siyani kuthira mbewu milungu iwiri kuti zibalalike.

China ndi mankhwala a makoswe. Khoswe akadya safa nthawi yomweyo, amayenda mozandima, kadzidzi kapena mbalame ina yolusa n'kumutola mosavuta. Poizoni uja amapitirira. Zija za tameki zogula m'misewu ndiye musayerekeze n'komwe, zimapha ndi agalu omwe.

Mayi a Tadala, 10:07
Nanga anapiye anga ndani akuwalankhulira pagulu pano?

Amalume aPhiri, 10:29
Mayi, tiyeni tione kaye wakuba wanu. Mukuganiza za uja wa kwathu, wabulauni, wa mlomo wachikasu, mchira wa mphanda, amene amazungulira pamwamba pa mudzi ana n'kumakuwa. Ameneyo kuno amati Yellow-billed Kite, ndipo ndi mlendo wa nyengo yotentha. Amafika cha mu Ogasiti kapena Seputembala, pofika Epulo wapita kumpoto. Mu Juni muno kulibe. Ndiye funsani nthenga. Mbalame yolusa imazula nthenga imodziimodzi, mumapeza zaunjikana malo amodzi, tsinde la nthenga lili lathunthu. Mphaka kapena likongwe amaluma, tsinde limakhala lodukaduka ndipo nthenga zimamatana ndi malovu. Mwanapiye wamng'ono akangosowa osasiya kanthu usiku, ganizirani makoswe.

Mayi a Tadala, 10:34
Amasowa masana, amalume. Ndipo make amachita kulira kwakekwake kuja, onse n'kuthawira pansi pa galimoto yakufa ija.

Amalume aPhiri, 10:36
Ngati akuthawira pansi pa chinthu ndiye mdani akuchokera kumwamba. Pali mitengo ya bulugamu pafupi?

Mayi a Tadala, 10:37
Mzere wonse kumalire a puloti.

Amalume aPhiri, 10:52
Ndiye mwina ndi wakuda uja. Amakonda kumanga chisa m'mitengo italiitali ya bulugamu, ndipo kuno amaswa nyengo yozizira ino, ndiye pakali pano pakamwa podyetsa pachuluka.

Nkhani ya mitengoyi ndiyo imandisangalatsa ine. Abwana anga oyamba, nkhalamba ina imene inamwalira kale, anandionetsa zithunzi zakale za mzinda uno. Pamene golide amapezeka mu 1886 kuno kunali udzu wokhawokha, dambo ndi timapiri ta miyala, ngati mmene mumaonera pa Melville Koppies. Mitengo yonse mukuionayi ndi yodzala anthu. Ku Saxonwold, pafupi ndi kwa bambo a Yankho komweko, kunali munda wa mitengo yodzalidwa kuti apeze milimo yochirikizira migodi. Kenako anthu anadzala jakaranda, paini, oak m'misewu ndi m'mabwalo. Mitengo itakula njiwa zinachuluka, ndipo akabawi a m'nkhalango anapeza pokhala. Ngakhale Ovambo dzina lake likuchokera kumpoto kwa Namibia, lero malo amodzi osavuta kumuona ndi Joni yomwe ino. Tinganene kuti nawonso anabwera kudzafuna ganyu ngati ife.

Chimwemwe wa ku Cosmo, 10:55
Koma iwo sawafunsa mapepala pa Beitbridge.

Limbani, 11:10
Amalume, chisa cha ku Muldersdrift chimenecho ndikufuna ndikachione. Mayi a Tadala, ndingabwere Loweruka? Ndikuganiza kuti titamangirira mwanapiye mmodzi pabwalo ndi kachingwe, ine nditabisala m'galimoto yakufayo, chithunzi chake chingakhale cha mpikisano.

Mayi a Tadala, 11:12
Iwe Limbani, umangirire mwana wa ndani? Bwera ndi wako.

Amalume aPhiri, 11:21
Mphwanga, zimenezo ayi. Ukatero wamuphunzitsa kuti pakhomo pa mayiwa pali chakudya chosavuta, iwe udzapita ndi chithunzi chako, iwo adzatsala ndi kabawi. Komanso chisa ukachipeza usaime pansi pake nthawi yaitali, make akathawa mazira amazizira, ndipo kuzizira kwa Juni ukukudziwa. Usalembenso pa Facebook malo ake enieni. Si onse okuwerenga amene ali ndi kamera, ena ali ndi legeni.

Limbani, 11:24
Ndamva amalume, ndinangoganiza mokweza.

aNabanda, 11:40
Mayi a Tadala, kwathu ku Ntcheu amayi ankawapaka anapiye mankhwala apepo aja a pazilonda, a GV, ati kabawi asawazindikire. Bwalo lonse anapiye apepo. Koma chimene chinkathandiza kwenikweni ndi dengu lalikulu lija ankawavundikira nalo mpaka atakula. Kuno gulani waya wa nkhuku, mutchinge ndi pamwamba pomwe, milungu 6 yoyamba asatuluke.

LACHINAYI

Bambo a Yankho, 06:58
Masiku awiri tsopano, kabawi osaoneka. Njiwa dzulo zinabwera zochepa, zikudya mocheukacheuka. Atchete ndi mpheta okha ndiwo sakusamala. Adona andipatsa binoculars ndipo akuti ndikamuona ndisiye chilichonse ndiwaitane, ngakhale ali pa foni ya kuntchito. Ntchito yanga yasintha, abale.

Amalume aPhiri, 07:15
Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musamayang'ane kumwamba, muzimvetsera. Mbalame zotuwa za tsumba zija zimalira kuti kwee, apumbwa, ngakhale ma-hadeda, zimbalame zaphokoso za mlomo wautali zija, zikayamba phokoso lachilendo kenako bwalo lonse n'kungoti zii, dziwani kuti ali pafupi. Nthawi yake ndi m'mawa dzuwa likangotuluka ndi madzulo cha m'ma 4. Muyang'ane mkati mwa mtengo, pafupi ndi thunthu, osati pansonga. Amakhala phee pamthunzi ngati chitsa.

Ndipo akagwira, musamuyandikire. Mukamudzidzimutsa amasiya nyamayo, ndiye kuti njiwa ija yafa pachabe ndipo akagwiranso ina.

Limbani, 07:33
Kuwala kwa nyengo ino n'kwabwino kwambiri, kumwamba kulibe mtambo ndipo mitengo yambiri yayoyola masamba. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Mukajambula moyang'anana nalo mudzapeza chithunzithunzi chakuda, ndiye Chimwemwe adzayambiranso.

Chimwemwe wa ku Cosmo, 12:04
Abale, ndatsitsa kasitomala ku Northcliff ndipo ndaona chinthu. Chimbalame chachikulu chotuwa, nkhope yachikasu yopanda nthenga, chikulendewera chadodolido pa zisa za atchete, mwendo chitapisa m'chisa. Atchete akuchizungulira ngati njuchi. Ameneyu ndi uti pa atatu aja?

Amalume aPhiri, 12:19
Palibepo, ameneyo ndi wachinayi, Gymnogene, mabuku atsopano amati African Harrier-Hawk. Kwathunso aliko. Iyeyo sathamangitsa, amafwamba zisa. Mfundo ya mwendo wake imapindika kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndiye amapisa m'mphako, m'zisa, ngakhale pansi pa matailosi a denga kufuna ana a mbalame ndi abuluzi. Nkhope yachikasuyo akatengeka mtima imasanduka yofiira.

Chimwemwe wa ku Cosmo, 12:21
Ngati bwana wanga wakale tsiku la malipiro.

LAMLUNGU

Limbani, 17:46
Lero sindinapite kwa Mayi a Tadala, poti anandikaniza. Ndinapita ku Walter Sisulu Botanical Garden ku Roodepoort ndi mkazi wanga ndi ana. Amene simunapiteko pitani. Pathanthwe la pambali pa mathithi a Witpoortjie pali chisa cha ziwombankhanga zakuda, Verreaux's Eagle, ndipo malowo akhala ndi ziwombankhanga kwa zaka zambirimbiri ngakhale nyumba zazungulira mbali zonse. Zikatambasula mapiko ndi pafupifupi mamita 2, zakuda bii, kumsana kuli choyera chooneka ngati V. Chakudya chake chenicheni ndi mbira za m'miyala. Pamakhala anthu ongodzipereka a Black Eagle Project amene amaziyang'anira, ndipo anatilola kusuzumira pa chowonera patali chawo. Amaikira mazira awiri, koma mwana woyamba kuswa amajompha mng'ono wake mpaka kufa, makolo akungoyang'ana. Mwana wanga wamkazi atamva zimenezo anamuyang'ana mchimwene wake nthawi yaitali.

Lenzi yanga ya 300mm inachepa. Ndajambula zithunzi 400, zooneka ndi zitatu.

aNabanda, 18:02
Zitatuzo tumizani. Ndipo ulendo wina muzinena, tikanasonkherana ya petulo.

LOLEMBA

Bambo a Yankho, 16:41
Wabwera! Ndimatsuka beseni la madzi monga ananenera aNabanda, ndangomva apumbwa ayamba chipwirikiti, kenako zii. Ndakumbukira mawu a amalume, ndayang'ana mkati mwa jakaranda, ali phee, mwendo umodzi atapinda. Ndalowa m'chipinda chochapira, foni pa binoculars, manja akunjenjemera ngati ndikuba. Wakhala mphindi 6. Sanagwire kanthu, njiwa zinali zitathawa kale. Zithunzi 31, onani ichi.

Chimwemwe wa ku Cosmo, 16:43
Eee, koma tsopano iyi ndi mbalame. Ikuoneka ngati ikufuna lendi.

Limbani, 16:47
Mwaigwira bwino, diso likuoneka lakuthwa. Musachitumize pa gulu pokha, pano chimaphwanyika. Nditumizireni ngati document ndikukonzereni kuwala pang'ono.

Amalume aPhiri, 16:58
Diso lakuda mofiirira, pamwamba pa mlomo pofiira, mizere yafika mpaka pakhosi. Ndi Ovambo, wamkulu osati mwana, poti ana amakhala abulauni. Mwa kukula kwake poyerekeza ndi nthambiyo ndikuganiza kuti ndi wamkazi. Auzeni adona kuti akhoza kumulembetsa pa SABAP2, kalembera wa mbalame uja anayamba mu 2007, anthu wamba amatumizako zimene aona m'dera lawo. Koma dzina la wojambula likhale lanu.

Bambo a Yankho, 17:06
Adona achitumiza kale kwa anzawo onse a mumsewu uno. Andifunsa kuti pa Chichewa timamutcha chiyani, ndawauza kuti kabawi. Akhala akuyeserera kutchula mpaka ndaweruka.

Mayi a Tadala, 17:31
Zabwino zonse ndi Ovambo wanuyo. Ine wanga ndamuona ndi maso lero cha m'ma 3, wakuda kumsana, pachifuwa poyera, watsika kuchokera ku bulugamu ngati mwala. Atsala atatu. Amalume munalondola, koma kulondola kwanu sikunandibwezere mwanapiye.

Amalume aPhiri, 17:35
Pepani mayi. Atsekereni m'nyumba usiku uno ndi mawa lonse.

Mayi a Tadala, 17:38
Ali kale m'katoni kukhitchini, akulira ngati alipira lendi. Waya ndaupeza ku Honeydew, mamita 10, koma pa tekesi sangandilole nawo. Chimwemwe, Lachitatu m'mawa uli ndi mpata? Ubwere ndi pulayazi, mitengo ndili nayo kale.

Chimwemwe wa ku Cosmo, 17:40
Ndifika 8 koloko, mayi. Tiyi akhale wa mkaka.